Kope la malikisi la munthu wa chikhakha

Mwezi wa Ogasiti ndinagwa pa kabaza. Sinali ngozi yoti n'kumveka pa wailesi ayi. Njinga yamoto inangoterereka pa mchenga pafupi ndi kwathu ku Area 25, woyendetsa anadzuka n'kuyamba kusasa fumbi pa jekete, ine n'kutsala pansi ndikuyang'ana phazi langa litaloza kumene silinalozeko chibadwire. Kuchipatala anandimanga chikhakha kuyambira m'munsi mwa bondo mpaka ku zala, n'kundiuza kuti ndisaponde pansi kwa masabata 6.

Masiku atatu oyamba ndinawatha ndikuwerenga misomali ya kudenga. Tsiku lachinayi mwana wa mlongo wanga, amene ankangodikira zotsatira za mayeso a Fomu 4, anatulukira ndi flashi m'manja. "Ankolo, musafe ndi maganizo. Muno muli mafilimu anu amakedzana aja, komanso muli a anthu amoyo." Sabata yomweyo amayi anafika kuchokera kumudzi ku Ntchisi. Anati abwera kudzandizonda masiku awiri okha, koma anakhala mwezi wathunthu. Pabalaza pathu panasanduka vidiyo shoo ya anthu atatu: ine pa sofa mwendo uli pa kampando, mnyamata pansi atagwira rimoti, amayi pa mkeka akutongola mtedza m'lichero.

Ine ndimakonda kulemba zinthu, ngakhale mtengo wa tomato. Ndinatenga kope la mwana wanga lotsala masamba n'kuyamba kupereka malikisi pa 10 kwa filimu iliyonse. Pomwe ankandichotsa chikhakha n'kuti m'kopemo muli mafilimu 23. Sindinena onse. Ena ndikangoona dzina ndi 3 pambali pake, nkhani yake inauluka kalekale.

Ndinayamba ndi akale, chifukwa mtima unkafuna kubwerera ku Ndirande. Ndinakulira kumeneko kwa amalume m'zaka za m'ma 1990, dziko lino lisanakhale ndi wailesi ya kanema yakeyake, poti TVM inadzayamba mu 1999. Kanema wathu anali wa m'kachisakasa kuseri kwa msika: mabenchi a matabwa osapala, chiguduli pakhomo, deki ndi sikirini pamwamba pa tebulo, fungo la thukuta ndi chimanga chootcha. Panja ankaimika bolodi lolembedwa ndi choko, ndipo dzina la Schwarzenegger sindinalionepo litalembedwa mofanana kawiri. Chingerezi chathu chinkathera pa kuyankha dzina m'kalasi. Anthu a m'filimu akayamba kulankhula nthawi yaitali, tonse tinkakuwa kuti, "Pititsani! Pititsani!" Mwini vidiyo ankathamangitsa tepi mpaka pamene mfuti yalira. Ife tinkangofuna kudziwa kuti mwini filimu ndi uti, ndipo ayamba nthawi yanji kumenya.

Choncho nditaika First Blood ya 1982, ndinauza mnyamata uja kuti akhale bwino, aone mmene amuna ankaphera adani kale. Ndinachita manyazi. M'filimu yonseyo amene amaoneka akufa ndi munthu mmodzi yekha, wapolisi amene amagwa mu helikopita Rambo atagenda mwala. Uta wa mivi yophulika uja, umene tinkapanga ndi nsungwi ndi malegeni, uli m'filimu yachiwiri ya 1985. Awiriwa ndinawasakaniza m'mutu zaka 30.

Yoyambayi ndi nkhani yachisoni. Munthu wabwera ku nkhondo ya ku Vietnam, wayenda wapansi kukaona mnzake womaliza wa m'gulu lake, wapeza kuti anamwalira ndi khansa. Walowa m'katauni kena akungofuna poti adye. Mkulu wa apolisi wamuyang'ana tsitsi ndi jekete, wamukweza m'galimoto n'kukamutsitsa kunja kwa tauni ngati galu wachiwewe. Zonse zotsatira zikuchokera pamenepo. Ndiye kumapeto, nthawi imene ife tinkakhala tayamba kale kukankhana pakhomo, Sylvester Stallone amakhala pansi n'kulira ngati mwana. Amauza mkulu wake wakale wa kunkhondo za mnzake amene bomba linamuphulikira iye akuona, ndi kuti kunkhondo ankamudalira ndi zida za ndalama zankhaninkhani pomwe kwawo akulephera kukhalitsa ngakhale pa ntchito yoimika magalimoto. Mawu amenewa ndawamva koyamba chaka chino, ndili ndi imvi. Ndinakumbukira bambo wina woyandikana nafe ku Ndirande, msilikali wakale amene analonderako njanji ya ku Nacala nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Ankakhala pakhonde tsiku lonse osalankhula ndi munthu, ndipo ife ana tinkamukuwiza kuti Rambo, n'kuthawa. Ndinalemba 9, kenako ndinakhala kaye chete kanthawi.

Commando ya 1985 sinandinamize. Inali yopusa kale, ikadali yopusa, koma ndi kupusa kokoma. Arnold Schwarzenegger atulukira atasenza chipika paphewa, am'bera mwana wake wamkazi, apita kukamutenga, basi. Adani osawerengeka akuwombera, iye akungoyenda ngati ali pa msika. Amayi anadzutsa mutu n'kunena kuti, "Ameneyu anakhwima." Ndinapereka 6, ndipo imodzi mwa zimenezo ndi ya mawu a amayiwo.

Imene inandipweteka ndi Bloodsport ya 1988. Chifukwa cha Jean-Claude Van Damme ndinang'amba kabudula wa yunifomu poyesa kutang'adza miyendo pakati pa mipando iwiri, n'kukwapulidwa kawiri, kusukulu ndi kunyumba. Lero ndikuona kuti mkuluyo ankadziwa kuponya mwendo, koma sewero ayi. Akafuna kuonetsa chisoni, nkhope imakhala ngati ya munthu amene watafuna kwinini. Amene akadali woopsa ndi Bolo Yeung, mdani wa chifuwa ngati chitseko uja, amene amamuwaza ufa m'maso pa ndewu yomaliza. Mnyamata anaseka mpaka kugubuduka pa simenti. Ndinalemba 4. Usiku ndinadzuka n'kusintha kukhala 5, kuopa kuti mwana wa kabudula wong'ambika uja angandidandaule.

The Gods Must Be Crazy ya 1980, ya botolo la Coca-Cola logwa kuchokera mu ndege lija, amayi anaseka nayo mpaka misozi, makamaka pamene galimoto yopanda mabuleki ikuthawa mwini wake. Inenso ndinaseka, sindinganame. Koma mawu a wofotokoza nkhani uja anandikanda pakhosi. Amawafotokoza anthu a ku Kalahari ngati mmene amafotokozera mbawala m'mafilimu a nyama, ndipo filimuyi inapangidwa ndi anthu a ku South Africa tsankho lili pachimake. Ku Ndirande sitinkamumva, tinkangoona botolo. Ndinapereka 5. Osuofia in London ya 2003 inandibwezera mtima m'malo: Nkem Owoh, munthu wa kumudzi wopita ku London kukatenga chuma cha malemu mchimwene wake, amaseketsa ngakhale atangoima. Chithunzi chimagwedera, mawu amakwera n'kutsika okha, koma 7 ndi wake.

Itakwana nthawi ya "anthu amoyo", anandiikira John Wick: Chapter 4 ya 2023. Ndivomere, masiku ano amadziwa kujambula. Keanu Reeves salankhula kwenikweni, moti ikanakhala ku Ndirande palibe akanakuwa kuti pititsani. Pali pamene akukwera masitepe ataliatali ku Paris, akumenya munthu pa sitepe iliyonse, atayandikira pamwamba am'kankha, wagubuduka mpaka pansi, wayambiranso. Ine wa mwendo umodzi ndinamva ululu m'kati mwa chikhakha. Koma anthu amafa ambiri mwakuti pofika pakati ndinasiya kuwaona ngati anthu, ankangoyoyoka ngati ngumbi pa nyali. Mnyamata anapereka 10, ine 6, ndipo tinakangana mpaka nsima inapola. Iye akuti ndakalamba. Ndinamuuza kuti pa msinkhu wake ndikanapereka 12.

Oppenheimer ya Christopher Nolan, ya 2023 yomweyo, ndi maola atatu a amuna a masuti akulankhula m'zipinda. Ndinaionera masiku atatu. Loyamba ndinagona, lachiwiri magetsi anazima, lachitatu ndinamaliza. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pamene akuyesa bomba loyamba la nyukiliya m'chipululu cha New Mexico mu Julaye 1945, moto ukangobuka phokoso lonse limazima, n'kumangomveka kupuma kwa anthu. Ndinakalipira mnyamata kuti wakhalira rimoti. Ali mkati mokana, mkokomo unafika, amayi n'kutaya lichero la mtedza. Pambuyo pake ndi pamene ndinazindikira kuti anachitira dala, monga mphezi: umayamba waona kung'anima, kugunda kumabwera mochedwa. Filimuyi inatenga mphoto 7 za Oscar, nanenso ndinaipatsa 7. Chimene chinandikhumudwitsa n'chakuti miyala yambiri ya uranium yopangira mabomba amenewo inakumbidwa ku mgodi wa Shinkolobwe ku Katanga, m'dziko la Congo, kuseri kwa Zambia kuno, koma m'maola atatu onsewo simuona nkhope ngakhale imodzi ya amene anaikumba.

The Woman King ya 2022 tinaonera ndi mkazi wanga atabwera kuntchito, ndipo anapereka 9 asanafunsidwe. Viola Davis akutsogolera asilikali aakazi a ufumu wa Dahomey, kumene lero ndi Benin, koma amene anaisenza filimuyi ndi Thuso Mbedu, mtsikana wa ku South Africa. Ine ndinapereka 7. Ufumu umenewo unalemera ndi kugulitsa anthu ukapolo, ndipo filimu imadutsa pa nkhaniyo mofulumira ngati munthu wodutsa pakhomo pamene ali ndi ngongole.

Amayi Chingerezi samva, ndiye madzulo ena tinkaika za ma DJ athu omasulira m'Chichewa. Ina inali ya ku China, ya mafumu ndi malupanga, dzina lake sindinalilembe n'komwe. DJ anawapatsa anthu onse mayina a kwathu. Mfumu ikunyamuka kupita kunkhondo, iye akuti ikupita ku Lizulu kukapikula kachewere. Pena amasiya nkhani n'kuyamba kupereka moni kwa anzake a ku Mchesi. Zimene amanena ndi zimene eni filimu akunena mwina n'zotalikirana ngati Nsanje ndi Chitipa, koma amayi anatsatira nkhani yonse, n'kudana ndi woyenera kudana naye. Pamenepo ndinalemba malikisi awiri: filimu 4, DJ 8. Tikanakhala ndi munthu wotere ku Ndirande, mwina Rambo tikanamumva kalekale. Kapena akanamusandutsa wogulitsa makala.

Neria ya ku Zimbabwe, ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, sinafune womasulira. Mwamuna wamwalira pa ngozi ya pamsewu, mchimwene wake wabwera kudzatenga zonse: buku la kubanki, katundu wa m'nyumba, mpaka ana. Oliver Mtukudzi amasewera ngati mlongo wake wa mayi wamasiyeyo, ndipo akayamba kuimba ngakhale wosadziwa Chishona amameza malovu. Pamene akunyamula mipando, amayi anangoti, "Ngati kwa akulu anga kuja," osawonjezera. Ndinadziwa chimene akunena. Ndinali ndi zaka 12 pamene abale a amuna awo a mayi aakulu anafika ku Kawale ndi lole, maliro asanathe sabata, n'kukweza mpaka mbale ndi makina osokera amene mayi aakuluwo anagula ndi ndalama zawo za zitumbuwa. Lamulo loteteza katundu wa masiye lilipo, la 2011, koma malole sanasiye kuyenda usiku. Chithunzi cha filimuyi chinakalamba, mawu amamveka ngati akuchokera mu mgolo, koma polemba 8 dzanja silinanjenjemere.

Ndinapereka 8 winanso kwa I Am Not a Witch ya 2017, ya Rungano Nyoni wa ku Zambia. Kamtsikana akukanamizira ufiti, akukamanga ndi chansalu chachitali choyera kumsana kuti kasauluke, ndipo bwana wina wa boma akuyenda nako uku ndi uku ngati mbuzi ya malonda. Umaseka, kenako n'kudzifunsa kuti ukuseka chiyani. Chinyanja chimene chimamveka m'malo ena ndi cha anthu enieni, chotuluka pakamwa mosakakamiza.

Ndinafunsa ngati mu flashimo munali ya kwathu kuno. Ndinkafuna The Road to Sunrise ya Shemu Joyah, ya 2017, nkhani ya atsikana awiri oyendayenda a ku Blantyre, imene inapambana mphoto ya Africa Magic mu 2018 n'kukhalanso yoyamba imene Malawi anatumiza ku mpikisano wa Oscar. Mnyamata anati kobenera mafilimu kumene anapita anamuyang'ana ngati wapempha nyanga za galu. Mwina ndi bwino, poti ikanapezeka kumeneko mwini wake sakanaona ngakhale tambala. Komabe zimawawa kuti munthu wa ku Lilongwe apeze msanga filimu ya ku Korea kusiyana ndi ya ku Blantyre.

Imene inalipo ndi The Boy Who Harnessed the Wind. Imeneyi ndinaionera kale itangotuluka pa Netflix mu 2019, ndipo ndinali m'gulu la amene ankainyoza pa Facebook. Nkhani ndi yathu: William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene anasiya sukulu chifukwa chosowa fizi m'chaka cha njala, n'kumawerenga mabuku a ku laibulale mpaka anapanga makina a mphepo opangira magetsi ndi zitsulo za kudzala ndi njinga ya bambo ake, ali ndi zaka 14. Anajambula konkuno, fumbi lake ndi lathu, gule wamkulu akuonekamo. Koma Chichewa chake! Chiwetel Ejiofor, amene anatsogolera filimuyi n'kusewera ngati bambo, anabadwira ku London kwa makolo a ku Nigeria. Maxwell Simba, amene anasewera ngati William, ndi wa ku Kenya. Aïssa Maïga, mayi wa m'filimumo, anabadwira ku Senegal n'kukulira ku France. Anayesetsa, sindikana, koma mawu amatuluka ngati munthu akuwoloka mtsinje pa miyala yoterera, kukweza pofunika kutsitsa, kupumira pakati pa liwu. Lily Banda akatsegula pakamwa, khutu limapumula ngati phazi lovula nsapato yothina. Nthawi imeneyo ndinagamula kuti 5, ndipo ndinkadziona ngati ndachita chifundo.

Ulendo uno ndinaonera ndi amayi. Patapita mphindi zochepa anafunsa.

"Kodi akulankhula chiyani amenewa?"

"Chichewa, amayi."

"Cha kuti?"

Mnyamata anagwa nako kuseka, ine n'kumva kukoma kuti ndapeza mboni. Amayi anapitiriza kutola zolakwika ngati akusankha mpunga: uyu wamanga mpango mwachilendo, uyo khasu waligwira ngati lobwereka. Koma itafika pamene mvula yawononga mbewu kenako n'kudula, banja lagwirizana zodya kamodzi patsiku, anthu akukanganirana chimanga pa mzere, kuseka kunatha. Amayi anaika lichero pambali. Galu wa William atafa ndi njala, anati, "Imitsa kaye."

Mu 2002 ine ndinali ku Blantyre, ndangoyamba kumene ntchito. Ndinamva pa wailesi pamene boma linalengeza mu Febuluwale kuti dziko lili pa ngozi ya njala. Ndinkatumiza kangachepe kumudzi, ndipo makalata a amayi ankati tili bwino, usade nkhawa, gwira ntchito. Usiku umenewo, filimu itaima pa nkhope ya mwana wa ku Kenya uja, ndi pamene ndinamva zoona zake, patatha zaka zoposa 20. Anati gaga anatha mu Januwale. Anayamba kukumba zitsa za nthochi, kuzisenda, kuziyanika, kuzisinja. Mbuzi zonse anagulitsa pa mtengo wa nkhuku, kenako anakanganula malata atatu a kukhitchini. Ndalama zimene ndinkatumiza zinkagawidwa m'nyumba zinayi. Kumaliro kunkapita anthu ochepa, ndipo adzukulu ankakumba manda osaya chifukwa mphamvu panalibe.

"Awa ajambula bwino," anatero, "koma aiwala chimodzi. Kunali zii. Mtondo sunkamveka m'mudzi monse. Ana sankasewera, sankaliranso n'komwe. Atambala tinadya."

"Bwanji simunandiuze, amayi?"

"Ukanatani? Ukanasiya ntchito kudzafa nafe?"

Mnyamata, amene anabadwa njalayo itatha kalekale, anafunsa motsitsa mawu kuti zitsa za nthochi zimakoma bwanji.

"Sizikoma, mdzukulu wanga. Zimangotseka pakhosi kuti ugone."

Tinapitiriza. Makina atayamba kuzungulira, madzi n'kutuluka m'chitsime kupita kumunda, ine ndi chizolowezi changa ndinayamba kufotokoza kuti zenizeni zake makina oyambawo anayatsa mababu ndi wailesi pakhomo pawo, ndipo za kupopa madzi zinabwera pambuyo. Amayi sanandiyang'ane n'komwe. "Khala chete, tione madzi."

Mayina atayamba kukwera pa sikirini anafunsa ngati mwanayo alipo. Ndinati alipo, anakaphunzira ku America, anamaliza ku Dartmouth College mu 2014.

"Ndiye azibwera kudzaona amake," anatero, n'kunyamuka kukatereka madzi a nsima.

M'kopemo ndinalemba 8. Ziwiri zotsalazo ndinachotsa chifukwa cha Chichewa chija, poti pamenepo sindinakhululuke. M'mawa mwake, mnyamata atafunsa kuti lero tiike chiyani, amayi anayankha ali kukhitchini kuti tiwaikirenso wokhwima uja wosenza chipika.